Achinyamata a ku Angónia: Ku Nkhondo Amaitanidwa, Nanga pa Bwalo?

Anzathu otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pali dandaulo limodzi limene timalimva kawirikawiri tikakumana. Mumati m'kalasi mumadzaza amayi ndi azigogo, koma anyamata ndi atsikana a m'tauni sabwera, ndipo akabwera amakhala kumbuyo, maso ali pa foni, kukamwa kuli chete. Akuluakulu a m'midzi nawonso ali ndi dandaulo lawo. Amati ana okulira ku Ulongwe, ku Moatize kapena ku Tete sadziwa mfunda wawo, sadziwa kumene kuli manda a makolo awo, ndipo pa maliro amafika ngati alendo.

Tisanawaweruze ana amenewa, tiyeni tiyambe tacheuka. Mbiri ya dziko lathu la mapirili ikuonetsa chinthu chimene chakhala chikubwerezedwa. Nthawi zonse pamene olamulira anafuna manja ogwira nthungo, khasu la chibalo kapena mfuti, anadziwa kumene kuli achinyamata ndipo anawapeza msanga. Koma ikafika nthawi yokhala pa bwalo kukamba za minda, za milandu ndi za mtendere, achinyamata omwewo ankauzidwa kuti akadali ana. Tikufuna tilondole nkhani imeneyi kuchokera pa phiri la Domwe mpaka pa msika wa ku Ulongwe, kuti tione pamene makolo athu anakhoza ndi pamene analakwa.

Pa phiri la Domwe

Angoni a Maseko anachokera kumwera kwa Afrika, nawoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Kumeneko mfumu yawo Mputa inaphedwa, ndipo mbale wake Chidyaonga anawatsogolera kubwerera kuno, nakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. Chidyaonga sanali mwini ufumu. Anali wosungira chabe, kudikira kuti Chikuse, mwana wa Mputa, akule. Mwambo wosungira mwana mpando tiukumbukire, pakuti tikumana nawonso kutsogoloku.

Angoni anapeza Achewa m'dziko muno, ndipo sanawapeze mwamtendere ayi. Midzi inatenthedwa, anthu anathawira m'mapiri ndi m'malinga, ana ambiri anagwidwa. Anyamata ogwidwawo ankaleredwa pamodzi ndi ana a Angoni: kubusa ng'ombe masana, kugona ku laweni usiku, ndipo akakula kulowa m'gulu la nkhondo la anzawo a msinkhu umodzi. Wogwidwa akaonetsa kulimba mtima ndi nzeru ankatha kukwera mpaka kukhala nduna. Ana obadwa kwa amayi a Chichewa anayamwa chinenero cha amayi awo, ndipo n'chifukwa chake lero timavina ngoma ndi zishango m'manja koma tikuyankhula Chinyanja.

Tsono mnyamata wa nthawi imeneyo anali nayo njira yokwerera, koma njirayo inkadzera m'mwazi. Ndipo makolowo, Angoni ndi Achewa omwe, ankadziwa kuti mwazi wa munthu si madzi. Ankaopa chirope, msala umene umagwira munthu wopha mnzake. Wobwera ku nkhondo sankangolowa m'nyumba n'kuyamba kudya ndi ana. Ankayamba wasambitsidwa ndi mankhwala, kuti zimene wachita kutchire zitsale kutchire komweko.

M'chaka cha 1891 anamwalira Chikuse, namwaliranso Chifisi mwana wa Chidyaonga, amene ankalimbana naye. Ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, analowa maufumu, nalowanso chidani cha atate awo. Anamenyana kwa zaka zingapo, ndipo Kachindamoto anatsikira ku Mtakataka m'mbali mwa nyanja. Mlandu unayambidwa ndi akulu, koma amene anafera kutchire anali anyamata.

Malire, msonkho ndi chibalo

Chaka chomwecho, pa 11 Juni 1891, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano la malire. Anati kumene madzi a mvula atsikira ku nyanja ndi ku Shire kukhale kwa Angerezi, kumene atsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Palibe Mngoni kapena Mchewa amene anafunsidwa. Mu 1896 Angerezi anapha Gomani, ndipo mtundu umodzi unakhala ndi nyumba ziwiri: ya Gomani ku Ntcheu, ya Zintambira kuno kwathu. Mpaka lero munthu woyenda pa msewu wa Dedza ndi Ntcheu akaima pa Lizulu amaona msika umodzi m'maiko awiri.

Pansi pa Apwitikizi, munthu wakuda wamba ankalembedwa kuti ndi indígena, ndiye kuti mwini dziko wopanda ufulu wa nzika. Ankayenera kukhoma msonkho ndi kugwira chibalo. Mfumu ikauzidwa kuti ipereke amuna okakonza msewu kapena okalima kwa Mzungu, sinkapereka nkhalamba. Inkapereka anyamata, ndipo wokana ankakumana ndi asipayi ndi mbalamatodya. Ambiri anaolokera ku Nyasaland. Ena anapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'matauni, ena mwa iwo nakhala matchona osabweranso. Lamulo la indígena linathetsedwa pa pepala mu 1961, koma mabala ake anatsala.

Obwera ku Halale aja ndiwo anali achinyamata athu oyamba a m'tauni. Anabwera ndi njinga, makina osokera, mabulangete, ndipo ena anabwera odziwa kulemba kalata. Mudzi unalandira katunduyo ndi manja awiri, koma maganizo amene anabwera nawo sunawalandire chimodzimodzi. Dandaulo lakuti ana a masiku ano ndi amwano silinayambe ndi foni ayi, n'lakale.

Komabe panali nthawi imene wamkulu ndi mwana anaima pamodzi. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani II wa ku Ntcheu anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma la atsamunda. Anali wokalamba ndi wodwala. Apolisi atabwera kudzamutenga, mwana wake Willard pamodzi ndi mbusa wa ku England, Michael Scott, anamuthawitsira mbali ino ya malire. Apwitikizi anawabweza m'manja mwa Angerezi, ndipo mfumuyo inamwalira ku chipatala cha Malamulo mu 1954. Mawu anali a bambo, miyendo ndi mphamvu zinali za mwana, ndipo mwanayo pambuyo pake anadzakhala Gomani III.

Ufulu utabwera

Frelimo inatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968. Anyamata ena analowa kutchire, ena anatengedwa ndi Apwitikizi kukavala yunifolomu yawo. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975.

Boma latsopano linachotsa mafumu pa udindo, ponena kuti ndiwo ankatolera msonkho ndi anthu a chibalo. M'malo mwawo linaika magulu otchedwa grupos dinamizadores ndi masekeretariyo, ndipo ambiri mwa iwo anali achinyamata odziwa Chipwitikizi. Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaitana ophunzira a m'makalasi apamwamba kuti asiye zofuna zawo, akakhale aphunzitsi ndi antchito a boma m'malo mwa Apwitikizi amene anachoka. Chaka chomwecho linakhazikitsidwa bungwe la achinyamata la OJM, ndipo mu 1978 inayamba kampeni yaikulu yophunzitsa akulu kuwerenga. Ife a ntchito ino tisaiwale kuti ambiri mwa amene anatitsogolera anali ana a zaka zosakwana 20, otumizidwa kutali ndi kwawo ndi choko m'manja.

Aka kanali koyamba kuti mnyamata apatsidwe mpando weniweni. Koma mpandowo unachokera kumwamba, ndipo unaikidwa pamutu pa akulu. Gule wamkulu, chinamwali ndi nsembe za makolo zinatchedwa zaumbuli. Kuwerenga kunkaphunzitsidwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene agogo athu sankachimva. Anthu anauzidwa kusamukira m'midzi ya pamodzi, ma aldeia, kusiya minda ndi manda. Minda yachonde imene Azungu anasiya, imene alimi ankayembekeza kuti ibwerera kwa eni ake, yambiri inapita ku famu ya boma ya CAIA. Mwana amene ankawerenga malamulo amenewa pa msonkhano, amalume ake atakhala pansi, sanawapange yekha, koma mkwiyo unagwera iye.

Ndipo boma lomwelo, zinthu zitathina, linatembenukira achinyamata a m'matauni. Mu 1983, pa Operação Produção, anthu osowa makalata a ntchito anagwidwa m'mizinda natumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Dzulo anali tsogolo la dziko, lero ndi malova.

Kale akulu ankayankhula ana ali chete. Tsopano ana anayankhula akulu ali chete. Zonse ziwiri sizinamange mudzi, ndipo Renamo itafika inapeza mng'alu umenewu uli chitsegukire.

Nkhondo ya pachiweniweni

Nkhondo ya zaka 16 inafika mwamphamvu kuno pakati pa zaka za m'ma 1980. Pa 30 Okotobala 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angónia, ndi Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera naphedwa. Pofika 1986 midzi yambiri inali mabwinja, anthu ataolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1992 dziko la Malawi linkasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni.

Amene anasenza katundu wolemera wa nkhondoyi ndani? Renamo inkagwira anyamata m'midzi ndi m'njira, ena akadali ana, n'kuwapatsa mfuti. Boma nalo linkatenga anyamata mokakamiza kukalowa usilikali. Atsikana ankasenzetsedwa katundu maulendo ataliatali, ndipo ambiri anasandutsidwa akazi a asilikali popanda kufuna kwawo. Panali mabanja amene mwana mmodzi anali uku, wina uko, osati chifukwa chosiyana maganizo, koma chifukwa cha amene anayamba kufika pa mudzi tsiku limenelo.

Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri a ife sitinakhale m'misasa yotchingidwa. Tinakhala m'midzi, pakati pa abale ndi apongozi, paja malire aja anadula mabanja. Ana anakula akuima pa mzere wa ufa ndi nyemba, akugwira ganyu, akugulitsa nkhuni. Ena analowa sukulu za a Malawi, ena sukulu za othawa nkhondo, ndipo ambiri anaphunzira kuwerenga Chichewa kumeneko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: anabwerako odziwa ndalama ziwiri, malamulo awiri ndi njira zonse zodutsa malire.

Mtendere wa ku Roma ndi mtendere wa pakhomo

Zokambirana zinayamba mu 1990 ku Roma, kwa a Sant'Egidio, ndipo mmodzi wa ankhoswe anali Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira. Pa 4 Okotobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Mwezi womwewo Nyumba ya Malamulo inakhululukira milandu ya nkhondo ya mbali zonse. Kuno sikunakhale bungwe lofufuza choona ngati limene linadzakhala ku South Africa. Panalibe bwalo la boma limene mayi akanapitako kukafunsa amene anapha mwana wake. Ntchito yonse yoyanjanitsa anthu inagwera mabanja, mafumu, asing'anga ndi mipingo.

Anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera ku Mozambique kuchokera m'maiko oyandikana nawo. Ife a ku Angónia ambiri sitinadikire malole, popeza kwathu kunali pafupi. M'mabanja ambiri amene ankatsogola anali anyamata: kukaona ngati njira ili bwino, kukazika msasa, kukaswa mphanje pa munda umene unasanduka tchire, nthawi imene mabomba okwirira anali akadali m'nthaka. Paja dziko lino linalengezedwa kuti latha kuchotsa mabomba odziwika mu 2015, patapita zaka 23.

Asilikali oposa 90,000 a mbali zonse anatula zida pansi pa ONUMOZ, napatsidwa khasu, mbewu ndi kandalama ka miyezi yowerengeka. Khasu lokha silikanamulowetsa munthu m'mudzi. M'madera ambiri a Mozambique mabanja anachita zimene makolo ankachita. Wobwerayo sankalowa m'nyumba tsiku loyamba. Zovala za ku nkhondo zinkatenthedwa, iye ankasambitsidwa, mizimu ya makolo inkauzidwa kuti mwana wabwera, kenaka ankadya ndi abale ake. Akhristu anachita zofanana ndi zimenezi mwa mapemphero ndi kulapa. Nzeru yakale ija ya chirope, imene zaka zochepa m'mbuyomo inkatchedwa yaumbuli, ndiyo inathandiza kutsegula makomo.

Taonani chimene mwambo umenewu unachita. Sunanene kuti palibe choipa chinachitika. Unavomereza kuti mnyamatayu wabwera ndi chinthu choopsa, koma unatinso chinthucho si iye mwini, chikhoza kuchotsedwa, ndipo iye akhoza kukhalanso mwana wa uje, kulandira munda ndi kukwatira. Ambiri otere pambuyo pake anakhala akulu a mpingo, a komiti ya sukulu, ngakhale aphunzitsi a makalasi ngati athuwa.

Koma tinene zoona, si zonse zinakonzeka. Mtsikana wobwera ndi mwana wosadziwika bambo wake kawirikawiri sanalandiridwe ndi ulemu umene mchimwene wake analandira. Panabuka milandu ya minda pakati pa amene anatsala ndi amene anathawa. Mfumu ndi sekeretariyo ankalimbirana kuti woweruza ndani, mpaka boma linazindikira onse awiri ndi lamulo la 15/2000. Ndipo pa zambiri tinangogwirizana kukhala chete. Kukhala chete kunatithandiza kulima ndi kukolola limodzi, koma ana obadwa pambuyo pake sanauzidwe kanthu.

Panalinso ntchito zina zimene zinapatsa achinyamata malo. Pa chisankho choyamba cha zipani zambiri, pa 27 mpaka 29 Okotobala 1994, odziwa kulemba ankafunika m'malo olembetsera ndi oponyera voti, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira ambiri anagwira ntchito imeneyi. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Amisiri a ku Maputo anadula mfutizo n'kupanga zosema, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato anaupanga ndi zidutswa za mfuti uli ku British Museum ku London. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'chinenero chawo, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Chinenero chimene chinkatsala pa khomo la kalasi chinaloledwa kulowa.

Ana a m'tauni a lero

Ulongwe, imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, inakhala tauni yodzisankhira atsogoleri ake mu 2008, ndipo kuli sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze. Pitani pa msika m'mawa muone amene akuyendetsa tauniyi: anyamata a kabaza, osintha metikali ndi kwacha, opakira matumba a kachewere m'malole opita ku Tete ndi ku Beira, atsikana ogulitsa tomato, kaunjika ndi mayunitsi. Pafupifupi theka la anthu a mu Mozambique sanakwanitse zaka 18. Aliyense wobadwa pambuyo pa 1992 sanaione nkhondo ija, ndipo ambiri amangomva kuti "nthawi imene tinali ku Malawi", basi.

Koma asanaione ija, aona zina. Mu 2015 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'madera a Tsangano ndi Moatize, ndipo anthu oposa 10,000 anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi. Pangano lina linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade. Pambuyo pa chisankho cha 9 Okotobala 2024 munali zionetsero m'mizinda yambiri kwa miyezi ingapo, patsogolo pali achinyamata, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu anawerenga akufa oposa 300. Kaya munthu ali mbali iti pa ndale, chimene chikuoneka n'chakuti mtendere sausiyira mwana ngati mbuzi ya chuma chamasiye. Mbadwo uliwonse uyenera kuphunzira kuupanga, ndipo sungaphunzire uli kunja kwa mpanda.

Chitsanzo chabwino chili pafupi. Inkosi Gomani IV atamwalira mu 2009, mwana wake Mswati anali akadali wamng'ono. Azakhali ake, mayi Rosemary Malinki, anamusungira mpando monga Chidyaonga anasungira Chikuse, ndipo mu 2012 anavekedwa ufumu nakhala Gomani V asanafike zaka 20. Pa Umhlangano wa ku Nkolimbo ku Ntcheu amakumana Angoni a mbali zonse ziwiri za malire. Gule wamkulu uja ankanyozedwa, mu 2005 UNESCO inamuzindikira monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ngati mtundu wonse unatha kudalira mnyamata, nanga komiti ya kalasi yathu ikuopa chiyani?

Chimene kalasi yathu ingachite

Mwana wa m'tauni alibe laweni, alibe mphala, ndipo bwalo la mfumu lili kutali. Kalasi yathu ndi amodzi mwa malo ochepa kumene gogo ndi mdzukulu angakhale pa benchi limodzi. Nazi zimene tikupempha kuti muyese.

Choyamba, musawaitane kuti adzaphunzitsidwe, aitaneni kuti adzathandize. Mnyamata amene anafika kalasi 8 n'kusiya sangabwere kudzaphunzira a, e, i. Koma mukamuuza kuti agogo ali ndi mbiri ya mudzi ndipo palibe woilemba, mwina abwera. Muwakhazike awiriawiri, wokumbukira ndi wolemba msanga. Alembe mayina a midzi imene inatha, njira imene banja linadzera pothawa, mudzi umene unawasunga ku Dedza kapena ku Ntcheu, chaka chimene anabwerera. Wolembayo awerenge mokweza, mwini nkhani akonze, ndipo tsamba lomwelo likhale phunziro la kuwerenga la sabata yamawa.

Chachiwiri, pa nkhani za nkhondo yendani mosamala. Munthu asakakamizidwe kunena. Dzina la munthu woganiziridwa kuti anachita choipa lisalembedwe, pakuti ana ake mwina ali m'kalasi momwemo. Funsani kwambiri za mmene anthu anayanjanira: ndani anapita kukalandira wobwera, ananena chiyani, mlandu wa munda unatha bwanji. Imeneyi ndiyo nzeru imene ikupita kumanda ndi eni ake.

Chachitatu, udindo ukhale weniweni. Kunyamula mabenchi ndi kutunga madzi si utsogoleri. M'komiti mukhale mnyamata ndi mtsikana amene mawu awo amawerengedwa posankha zochita. Mmodzi asunge buku la ndalama, wina alembe zokambirana. Adzalakwitsa, inde, monga ifenso tinalakwitsa. Wamkulu akhale pambali pake ngati wosungira mpando, osati ngati wolanda.

Chachinayi, pemphani mfumu kapena sekeretariyo wa bairro kuti pa milandu yaing'ono, ya malire a munda, ya ngongole, ya mbuzi yodya mmera, pazikhala achinyamata awiri omvetsera ndi kulemba. Unkhoswe saphunzira m'buku. Amaphunzira poona mmene wamkulu amaziziritsira anthu awiri okwiya mpaka atagwirana chanza.

Chachisanu, onani nthawi ndi malo. Wa kabaza ndi wogulitsa pa msika sangasiye ntchito 8 koloko m'mawa. Kalasi ya madzulo pafupi ndi msika idzaona nkhope zimene kalasi ya m'mawa sinazionepo. Mtsikana wa mwana kumbuyo alandiridwe ndi mwana wakeyo. Foni ija musaithamangitse: ikhoza kujambula mawu a gogo amene dzanja silingawatsate.

Chachisanu ndi chimodzi, malaya a chipani atsale panja. M'kalasi mwathu muli ana ndi zidzukulu za mbali zonse ziwiri, ndipo ena ali ndi mbali yachitatu. Akangoona kuti kalasi ndi khomo la chipani, theka lidzachoka ndipo silidzabweranso.

Kwa akulu anzathu amene akuopa kuti ana atilanda malo, tikuti mantha amenewa tikuwamva, pakuti ena munaona zimene zinachitika pambuyo pa 1975. Koma sitikupempha kuti mwana akhale pamutu pa amalume ake. Tikupempha kuti akhale pambali pawo. Mawu a akulu amakoma akagonera, n'zoona, koma amagonera mwa munthu amene analipo pamene ankanenedwa. Tikapanda kuwaitana ife, alipo ena amene amadziwa bwino kumene achinyamata ali, ndipo mbiri yationetsa chimene amawaitanira.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. M'banja mwanu, ndani anayamba kubwerera kuchokera ku Malawi, ndipo anali ndi zaka zingati?
2. Wobwera ku nkhondo analandiridwa bwanji m'mudzi mwanu? Nanga atsikana analandiridwa bwanji?
3. Pa mlandu womaliza umene unakambidwa kwanuko, panali munthu wa zaka zosakwana 30 amene anapatsidwa mpata woyankhula?
4. Ndi ntchito iti ya kalasi ino imene tingaipereke m'manja mwa achinyamata mwezi uno, ndipo wamkulu amene akhale pambali pawo ndani?

Mayankho a funso loyamba ndi lachiwiri alembedwe ndi achinyamata eni ake, ndipo asungidwe m'buku la kalasi.